Tsiku lomwe munafunsa ngati mwatopa

Amayi, lero pa mlatho wa Bua ndakumana ndi namwino uja ankabwera pa njinga yamoto kudzakupatsani mankhwala oletsa ululu. Wandizindikira, ine misozi osaigwira. Ntchito yake ankaidziwa, moti akabwera munkagona osabuula. Koma tsiku lija munafunsa kuti, "Kodi ine ndatopa?" iye pamodzi ndi ife ana anu tinangoyang'anana, chifukwa wodwala akatopa tonse timadziwa chotsatira.

Anakuyankhani ndi Mayi Asiyatu a nyumba yoyandikana nafe, aja amaitanidwa kukakhala pambali pa munthu akamatsirizika. Anakunyowetsani milomo ndi thonje nati, "Eya anzanga, mwatopa. Tikuitanireni ndani?" Simunalire. Munangoti, "Mng'ono wanga wa ku Dwambazi uja. Tinasiyana molakwika." Amayi aang'onowo anafika mawa lake, ndipo munatamula shahada, mawu otsiriza a Msilamu, atakugwirani dzanja. Pano ndi iwo amene amandiimbira foni kufunsa ngati ana adya, ndipo mawu awo ndi anu enieni. Nthawi zina ndimachedwa dala kuyankha, kuti anenenso kuti "Halo, mwanawe." Allah awalitse manda anu, Amayi.