Mpweya wa Mkamwini

"Ababa, mwapenga kodi? Ndinati musagwire mpweya!"

Wondikalipirayo anali mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga woyamba, atandigwira jekete pakhosi pakati pa damu la esiteti. Kumtunda amayi otchola tiyi anali atatula madengu n'kumaonerera. Kwathu kuno mkamwini akakumana ndi apongozi panjira amapatuka, polankhula amanjuta, maso pansi. Uyu anali atangondimenya chibakera pamimba.

Mnyamatayu amagwira ntchito kunyanja, kuphunzitsa alendo kumira ndi masilinda a mpweya kuti azikaona nsomba. Ine ndinkati imeneyo si ntchito, ndi kusamba kolipidwa. Atabwera pa Khirisimasi, a esiteti anamupempha kuti akaone paipi yotsekeka pansi pa damu, ndipo masilinda anabweretsa awiri. Ndinamuuza kuti yachiwiriyo ndi yanga. Ine ndinakulira mumtsinje wa Ruo. Ndikamira, anzanga ankadikira mpaka kuyamba kugawana malaya anga.

Anandiimika m'madzi a m'chiuno n'kuyamba sukulu. Makutu akamawawa potsika, tsinani mphuno n'kupemerera pang'ono. Madzi akalowa m'magalasi omirira, yang'anani kumwamba n'kutulutsa mpweya m'mphuno. Pokwera musapitirire thovu lanu. Ndipo chachikulu, osagwira mpweya, chifukwa pokwera umafufuma m'chifuwa, mapapo n'kung'ambika. Luso lokhalo lomwe ndinali nalo m'madzi, akuti ndiye lakupha.

Zonsezi ndinavomera, koma ziwiri ndinakana. Anafuna kundipapasa malamba ndi kuona ngati silinda ndaitsegula bwino, akuti omira awiri amayenderana asanalowe.

"Akamwini," ndinatero, "m'chiuno mwanga amagwiramo ndi apongozi anu aakazi okha."

Kenako anati tiyeserere kugawana mpweya, ine ndilume paipi yachikasu yochokera pa silinda yake. Munthu woti sitidya mbale imodzi, ndiziyamwa kwa iye ngati khanda?

"Chabwino, ababa," anatero, maso pansi. Ulemu umenewo ndi womwe unatsala pang'ono kundiika m'manda.

Pansipo ndinaona matope, nthambi ndi gumbutsi imodzi. Posakhalitsa mpweya unayamba kulimba, ngati kukoka thobwa ndi kaphesi. Silinda ija ndinali nditangoitsegula pang'ono, monga timachitira ndi mpopi posafuna kuwononga madzi. Mkamwini ataona ananditambasulira paipi yachikasu. Ndinaikankha. Ndinatseka pakamwa ngati ku Ruo n'kuyamba kupalasa kulunjika kumwamba. Anandigwira lamba, chibakera pamimba, mpweya wonse n'kutuluka, paipi n'kundilowetsa m'kamwa ngati akumwetsa mbuzi mankhwala. Tinakwera pang'onopang'ono, maso ndi maso, ine ndikuyamwa mpweya wake. Unali wabwino, ndisaname.

Titavuuka m'pamene anandikalipira muja.

"Mukudziwa amene mukulankhula naye?" ndinafunsa ndikutsokomola.

"Ndikudziwa. Nanga mwana wanu ndikanakamuuza chiyani?"

Nkhani inatitsogolera kunyumba. Mkazi wanga anandichingamira pabwalo.

"Ndamva akuyamwitsani. Mwakhuta, kapena ndiphikebe?"

Ndinati ndiitanitsa ankhoswe. Mkamwini womenya apongozi pamaso pa esiteti yonse asamuke.

"Asamuke pamudzi pa yani?" anatero. "Inunso munabwera pano ndi kachikwama kamodzi. Ndinu mkamwini wokalamba chabe. Bambo anga akanamira inu mukanawasiya chifukwa cha ulemu?"

Mumtima ndinati madala amenewo mwina ndikanawasiyadi.

Koma mnyamata uja anali atandimva. Madzulo ndinamuona akumanga katundu, mwana wanga ali pakhonde, osandiyang'ana. Ndinadziwa kuti akachoka achoka onse, ndi adzukulu omwe, ndipo pamaliro anga okha m'pomwe adzabwere.

M'mawa mwake ndinasenza silinda n'kukagogoda pakhomo pake, pomwe ndinali ndisanagogodepo chimangireni nyumbayo. Anatuluka n'kufuna kunjuta.

"Imirirani, akamwini. Tiyeni kudamu, tikayambirenso m'madzi a m'chiuno. Lamba mugwira, koma muziyang'ana kumbali."