Mitengo Yoyera ya ku Kanyama

Kamera ija ndinaigula ku Kamwala, m'sitolo ya katundu wogwiritsidwa kale ntchito. Nditafika kwathu ku Kanyama ndinajambula mtengo wa mango wa pabwalo. Chithunzi chinatuluka chofiira paliponse, kuyambira kumwamba mpaka pansi. Ndinati basi, andigulitsa chakufa.

Mawa lake ndinapita nayo ku Chilenje, kusitudiyo kumene ndinkagwira ntchito yokonza zithunzi za maukwati. Mnzanga wa pantchito anaiyang'ana, kenako anaseka.

"Sinafe iyi," anatero. "Banachosamo kagalasi ka mukati. Manje iona kuwala kwamene ise sitiona. Infuraredi."

"Nanga mtundu wake weniweni ndi wotani?"

"Kulibe. Uzasankha weka."

Yankho limenelo linandisowetsa mtendere. Kuwala kopanda mtundu kumakhala bwanji? Ntchito ikachepa ndinkatsegula chithunzi cha mango pakompyuta n'kumayesa. Poyamba ndinauza makinawo kuti atenge masamba ngati chinthu choyera, ndipo kufiira kuja kunazilala. Kenako ndinasinthanitsa mtundu wofiira ndi wabuluu. Ndinadzidzimuka. Kumwamba kunada bii ngati kukubwera chimvula, koma mtengo wathu unayera mbee, tsamba lililonse lili lokha. Ndikawonjezera kuwala pang'ono chabe, masamba onse ankasanduka thonje limodzi. Ndikachepetsa, ankaoneka ngati phulusa. Malo abwino anali pakati, ndipo anali ochepa kwambiri.

Mvula itafika pachimake, ndinakwera pachitsulo cha thanki ya madzi ya kutchalitchi kwathu n'kujambula komboni yathu yonse ya Kanyama. Pokonza chithunzicho, madzi osefukira m'misewu anada ngati phula. Malata anakhala otuwa. Koma mitengo! Mango, mapapaya, nthochi, magwafa, zonse zinawala pakati pa nyumba. Sindinkadziwa kuti tili ndi mitengo yambiri chonchi.

Ndinachisindikiza n'kupita nacho kunyumba. Atate anali mmisiri womanga, wobadwira konkuno kwa makolo ochokera ku Malawi, ndipo ankakonda kudandaula kuti Kanyama ndi miyala ndi matope basi. Anavala magalasi.

"Ndi dziko liti ili?"

"Ndi konkuno, atate. Onani, nayi nyumba yathu."

Anachiyandikitsa kumaso. Kenako chala chawo chinayamba kuyenda pachithunzi, akutchula amene anabzala mtengo uliwonse. Ena anamwalira kale, ena anasamukira ku Matero. Amayi sanasangalale nacho. Anati masamba oyera akuwakumbutsa nsalu ya maliro, ndiwabwezere kubiriwira kwake. Ndinayesa, koma chobiriwiracho chinkaoneka ngati penti. Pamapeto pake tinagwirizana zoti akhale achikasu, ndipo chithunzi chimenecho ndicho anapachika pakhoma.

Panali mtengo umodzi umene unandivuta, wa mapeyala, amene kuno timati kotapela. Unali pabwalo la mayi wina woyandikana nafe, wogulitsa makala. Mitengo ina yonse inkawala, koma uwu unali wotuwa mbali imodzi. Ndinaganiza kuti ndi mthunzi wa mtambo, ndiye ndinauwalitsa pakompyuta kuti ufanane ndi inzake. Tsiku lina dzuwa lili phwee ndinaujambulanso, ndipo kutuwa kuja kunali pomwepo. Ndinapita kukauona ndi maso. Unali wobiriwira ndithu, ngakhale kuti masamba ena anali ofota pang'ono.

Ndinawaonetsa mayiwo chithunzi chimene mtengowo sindinauwalitse.

"Manje mufuna kukamba kuti mutengo wanga wadwala?" anandifunsa. "Kamera yanu ni ng'anga?"

"Sindikudziwa, amayi. Ndikungoona kuti mbali iyi sikuwala."

Atate anali atanditsatira. Iwo sanayang'ane masamba, anayang'ana pansi. Madzi anali atadikha patsinde kuyambira mvula yoyamba, chifukwa mpanda watsopano wa njerwa unatseka njira yawo. Ananena kuti mizu ikuola. Mayiwo anakayikira, komabe anabweretsa khasu, ndipo tinakumba ngalande yotulukira kumsewu.

Patapita milungu ingapo, nthambi za mbali ija zinayoyola masamba n'kuuma. Mayiwo anazidula. Mbali inayo inapulumuka, ndipo chaka chotsatira inabereka, ngakhale kuti zipatso zake zinali zochepa. Kufikira lero sindidziwa ngati ngalandeyo ndiyo inathandiza, kapena mtengowo ukanachira wokha.

Chimene chinasintha ndi dzanja langa pakompyuta. Mtundu ndimasankhabe mmene ndafunira, lero wachikasu, mawa wapinki. Koma ndikapeza mtengo wotuwa pakati pa yowala, sindiuwalitsanso. Ndimayamba ndapita kukauona. Nthawi zambiri umangokhala mtundu wina wa mtengo, kapena fumbi la mumsewu lakuta masamba. Mayi wa makala uja anafalitsa nkhaniyi pamsika, moti mwezi watha bambo wina wa ku Chawama anandiimitsa panjira kuti ndikapime ndimu wake. Ndinamuuza kuti ine si dokotala wa mitengo. Anati palibe kanthu, ndingopita. Ndinapita Loweruka.