Mapichesi a Mkamwini

Chinandichotsa ku Likhubula si njala ayi, koma pakamwa pa a Muhiwa, malume a mkazi wanga. Ndinali mkamwini pamudzi pawo. Tsiku lina atandipeza ndikukumba dzenje loti ndibzalemo mango, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mkamwini sabzala mtengo, bambo. Tsiku lodzakuthamangitsani mudzausenza?"

Zinandiwawa zedi. Mwezi womwewo ndinatsanzika mkazi wanga Estere n'kukwera sitima ya ku Halale.

Ntchito ndinakaipeza kumapiri, pafamu ya mapichesi ndi zipatso zina. Mzungu wake ankayesa kulima tizipatso tina takuda ngati nthudza, timitengo take tolekeza m'mawondo, ndipo ine ndinali mlonda wake. Agwape ankadya nsonga, mbozi masamba, mbalame zipatso. Ndinaphunzira kuzinga kamtengo kalikonse ndi waya, kukwirira wayayo pansi kuti nungu zisafukule, ndi kusuzumira kuseri kwa masamba m'mawa uliwonse. Malipiro anali ochepa, koma theka ndinkapatsira anzanga opita kumudzi kuti akampatse Estere. Kusungulumwa ndiye musanene. Lamulungu ndinkakhala m'munda n'kumacheza ndi timitengo m'Chilomwe, ngati wamisala.

Nkhondo itakula kumeneko ndinamanga katundu. Anzanga anabwera ndi mawailesi ndi njinga. Ine ndinafika nditasenza mpukutu wa waya, m'dengu muli mbande za mapichesi m'zitini. Mudzi wonse unafa nalo phwete.

"Zaka zonsezi mwatibweretsera khola la nkhuku?" anatero a Muhiwa.

Estere yekha sanaseke. "Bzalani kuseri kwa nyumbaku," anatero. "Malowa ndi a mayi anga."

Ndinabzala. Koma walira mvula walira matope. Anyani a m'phiri anazula mbande ziwiri, kungosewera basi. Chiswe chinalowa m'mizu, tinalimbana nacho ndi phulusa ndi madzi a fodya. Izi zinali zochepa. Vuto lenileni linabwera titakolola, pamene aliyense amamasula mbuzi zake kuti ziziyenda mwaufulu. Ku Halale famu yonse inali mumpanda, ndiye za mwambo umenewu ndinali nditaiwaliratu. Waya wanga sanakwanire mitengo yonse, ndipo mbuzi zambiri pamudzipo zinali za a Muhiwa. Mkamwini angauze bwanji mwini mbumba kuti mangani mbuzi zanu?

Tsiku limene tonde wawo anapinda waya n'kumweta mtengo wanga wokongola koposa, ndinakhala pansi n'kulira. Ndinamuuza Estere kuti yotsalayi ikatha ndibwerera, nkhondo kapena ayi.  Iye anangomanga chitenje n'kutuluka.

M'mawa mwake ndinadzidzimuka ndi phokoso kuseri. Abale inu! Ndi a Muhiwa, thukuta kamukamu, akuzika nsungwi mozungulira mapichesi anga. Mbuzi zawo zonse zinali pazingwe, m'chilimwe, chinthu chimene mudziwo unali usanaonepo.

"Mukuyang'ana chiyani? Gwirani uko!" anandikalipira.

Pambuyo pake ndinamva zimene Estere anakawauza. Akuti anangoti, "Malume, mbuzi zanu zikatha mitengo ija, bamboyu akupita, ndipo ine ndi ana tikumutsata. Mutsale ndi mbuzizo zikhale mbumba yanu." Ine zaka zonsezi ndinkaopa munthu wolakwika. Mwini mudzi weniweni ndinkagona naye nyumba imodzi!

Lero mapichesi athu timakagulitsa ku Nkando, ndipo amene ankaseka aja amabwera kudzapempha mbande. Ndimawapatsa, n'kuwaphunzitsa kuzinga kwake, koma ndisaname, ndimayamba ndawakumbutsa za khola la nkhuku.

Chaka chimene mitengo inayamba kubereka, zipatso zoyamba ndinapita nazo kwa a Muhiwa m'mbale. Analuma chimodzi, madzi ake n'kumayenderera m'ndevu. Anayang'ana mitengo ija nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine.

"Imeneyi simungaisenze," anatero. "Basi, mukhala pompano."