Mizere ya Kuseri kwa Mawondo

Mkazi wanga atamwalira, abale ake anagawana zovala, nsapato ndi mapoto monga mwa mwambo, koma mabotolo a mafuta odzola anawasiya pashelefu m'chipinda chathu. Palibe anawafuna. Inenso sindinawasunthe. Ndinkangopukuta fumbi mowazungulira.

Ambiri mwa mafutawo anali ochotsera mizere. Ali ndi pakati pa mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo amene tinabereka, khungu la pamimba pake linachita timizere tofiirira, kuyambira pamchombo kutsikira m'munsi. Pa nthawiyo n'kuti ine ndidakali ku koleji. Mwana atabadwa mimba inabwerera, koma mizere inatsala, ndipo iye analimbana nayo zaka zambiri. Ku msika wa Chisokone anagulako mafuta a koko, a nsatsi, alovera. Ndikamuuza kuti ine sindiionanso, ankati, "Suiona chifukwa siili pa iwe."

Kenaka mayi wina wogulitsa pafupi ndi pokwerera minibasi anamupatsa kirimu ya m'kachubu kopanda dzina. Khungu linayera, mizere inaoneka ngati yazimirira, iye anasangalala. Patapita miyezi mizere ija inakula m'lifupi, khungu linapyapyala, mitsempha n'kumaonekera. Ndipamene tinapita ku Ndola kwa dokotala wa khungu.

Dokotalayo anafotokoza mosathamanga. Anati thupi likakula msanga, kaya ndi mimba, kunenepa, kapena msinkhu wa mwana amene akutha msinkhu, khungu la m'kati limang'ambika pang'onopang'ono, ndipo mizereyo ndi zipsera zake. Ena amatengera kumtundu. Makirimu ena oyeretsa khungu ali ndi mankhwala olipyapyalitsa, motero amaikulitsa. Anati mafuta wamba amangofewetsa khungu. Alipo mankhwala olembedwa ndi dokotala othandizako mizere ikadali yatsopano, koma osati kwa mayi woyembekezera. Alipo makina a kuwala ndi a tisingano amene amaichepetsa. Koma njira yoichotseratu palibe. Imangotuwa yokha ndi zaka.

"Ndiye kuti ndifa nayo?" anafunsa mkazi wanga.

"Tonse timafa nayo, mayi," anatero dokotala.

M'minibasi yobwerera ku Kitwe ankangoseka, n'kumandigunda ndi chigongono. "Wamva? Ndifa nayo." Kachubu kaja anakasiya, koma sanakataye. Sankataya chinthu. Matenda amene anamutenga pambuyo pake anali ena, osakhudzana ndi khungu.

Chaka chitatha, achibale anabwera kudzaika chiliza. Mkulu wake wa malemu, alamu anga a ku Katete, anafikira kwathu, m'kanyumba kamene timachita lendi kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Nkana East. Ndinkadziwa kuti nkhani ya mwana idzabuka. Kwa akuchikazi mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo pamaliro paja malume wa malemu ananena kuti mwamuna yekha sangalere mtsikana. Anandisiyira kuti amalize kaye giredi seveni. Tsopano anali pafupi kumaliza.

Loweruka masana ndinali kusita yunifomu yake pamene alamu analowa n'kutseka chitseko.

"Alamu, mwanayu mumamuona?"

"Ndimamuona tsiku lililonse."

"Awe, kumuona kwenikweni. Ndamupeza akuchapa, chitenje atakwinya. Kuseri kwa mawondo kuli mizere. M'ntchafu namonso. Ya munthu wamkulu, alamu. Mwana wosadziwa amuna sakhala nayo ija."

Ndinaimika simbi.

"Inu mumachoka m'mawa, kubwera dzuwa litalowa. Mukudziwa amene amalowa pageti apa? Mawa ndikawauza amalume. Apite nafe kumudzi asanatichititse manyazi."

Ndinkadziwa choyankha. Mawu a dokotala uja ndinali nawo onse. Koma bambo sakamba za ntchafu za mwana wake wamkazi, ngakhale kwa mlamu. Kungoonetsa kuti ukudziwa, anthu amayamba kufunsa kuti wadziwa bwanji. Ndinangoti, "Ndamva, alamu," n'kupitiriza kusita kolala yomwe ndinali nditaisita kale.

Iwo atapita ku tchalitchi kukakonza za Misa ya mawa lake, ndinalowa m'chipinda. Mabotolo anali m'malo mwake, koma kachubu kopanda dzina kaja kanali kofinyidwa mpaka kukhosi. Ndinakatenga n'kupita nako kukhitchini, kumene mwana ankasankha nyemba. Ndinakaika patebulo, ndinatembenukira kusinki, ndinayamba kutsuka makapu oyera kale.

"Aka usadzolenso, mama. Kanawawononga khungu amayi ako."

Nyemba zinasiya kugwera m'mbale.

"Adadi, sindinachite chilichonse."

"Ndikudziwa."

"Amayi aakulu akuti ndinachita. Kusukulunso anzanga amatero tikamavala za masewero. Ine ndimangofuna ichoke."

"Watalika msanga chaka chino. Khungu likulephera kukutsatira, basi. Siichoka, koma idzatuwa. Amayi ako anali nayo."

"Ija inali ya ine. Ya mimba."

"Ya pamimba inali ya iwe. Ya kumawondo anali nayo ndisanawadziwe."

Nditanena zimenezo ndinakumbukira nkhani imene mkazi wanga anandiuza kalekale, tikadali pa chibwenzi, tikudya chinangwa chootcha pa benchi ku Itawa. Sindinaiganizepo kwa zaka.

Alamu anabwerako chakumadzulo, dzuwa lidakalipo. Ndinawapeza panja akuchotsa zovala pachingwe. Ndinaima patali pang'ono, monga ayenera kuimira mlamu, n'kuyang'ana mpanda.

"Alamu, za mwana sindingakambe. Ndikambe za mng'ono wanu, poti anali mkazi wanga."

Anapitiriza kuchotsa zovala.

"Anandiuza kuti ali msinkhu womwewu, azakhali anu anamuona mizere kuseri kwa mawondo pochokera kudambo. Anamutsekera m'nyumba, azimayi atatu, kuti atchule mnyamata. Analira mpaka mawu anatha. Ndiye akuti mkulu wake anakankha chitseko, anakweza chitenje chake, n'kunena kuti, onani, inenso ndili nayo, amayinso ali nayo, tchulani mnyamata wa tonsefe."

Alamu anagwira malaya anga a ku ntchito, osawapinda, osawaika m'beseni.

"Anakuuzani zimenezo?"

"Ankati tsiku limenelo munamenyedwa ndinu."

"Ndi mthiko," anatero. "Unathyoka." Anaseka pang'ono, kenaka anakhala pansi pa sitepe n'kuphimba nkhope ndi malaya aja. Ndinapitiriza kuyang'ana mpanda. Kunyumba yaikulu wina ankathirira maluwa.

Atachotsa malaya kumaso anati, "Mng'ono wanga atamwalira ndinamusambitsa ndine, alamu. Ndinaiona yonse. Koma kwa mwanayu mutu wanga unangothamangira kwina. Mukakhala kutali mumaopa chilichonse." Anapukuta m'maso. "Komabe mtsikana amafuna munthu wamkazi. Akatha msinkhu mudzatani? Mudzamuuza mutayang'ana mpanda?"

"Mwina," ndinatero. Panalibe chifukwa chonama.

Mawa lake, titachoka kumanda, tinakhala pabwalo la msuweni wawo wina. Malume wa malemu anayamba ndi kuthokoza chifukwa cha chiliza, kenaka anafika pa mwana. Anatembenukira kwa alamu, poti ndiwo anagona kwathu, kuti anene zimene anaona. Ine ndinayang'ana nsapato zanga, zomwe zinali ndi dothi lofiira la kumanda.

"Ndaona mwana wakula," anatero alamu. "Watengera miyendo ya kwathu. Yunifomu amamusitira bambo ake, kolala mpaka kuwala. Akhale. Pa holide azibwera kwa ine, ndipo za chinamwali ndidzabwera ndekha, asadzayerekeze munthu wina."

Malume anang'ung'udza kuti adzaonanso chaka chamawa. Adzaonadi, nkhani zotere sizitha. Koma basi ya ku Chipata, yodzera ku Katete, inanyamuka Lolemba popanda mwana wanga.

Tsiku lomwelo ndinataya kachubu kaja m'dzenje la zinyalala. Mabotolo enawo ndinawatsitsa pashelefu, ndinawapukuta, n'kuwaika pakhomo la chipinda chake. Ena anali atauma. Anasankhapo la mafuta a koko. Ndinamuuza kuti sachotsa mizere, amangofewetsa khungu.

"Ndikudziwa, adadi," anatero. "Amanunkhira amayi."

M'mawa uliwonse akamadutsa kupita kusukulu, fungo limenelo limatsala m'khitchini. Ndimadikira lithe, ndiyeno ndimatseka chitseko n'kupita kukakwera minibasi.