Kansanza m'paipi ya a Mangitsa

"Bweretsani makiyiwo. Injini mwaiphika ngati dzira, ndiye mwatsala kuphika ndani? Ine?"

Anali achemwali anga amenewo, manja m'chiuno pakhomo la kukhitchini, akukalipira amuna awo. Alamuwo anangokhala pa tayala lakale akupukuta sipanala yoyera kale. Ine ndinali nditangofika, koma mkwiyo unandikwera pomwepo, chifukwa mlamu wangayu ndimamudziwa.

Mumsewu mwathu amawatchula a Mangitsa, poti mawu awo ndi amodzi omwewo: mangitsa. Anayendetsa malole mpaka msana unakana. Atapuma anagula kapikapu kakale kamene amanyamulira matabwa a akalipentala ndi katundu wa anthu osamuka. Ku galaja sikanapondeko. Iwo amati munthu wosadziwa m'mimba mwa galimoto yake ndi pasinjala chabe, ngakhale atagwira chiwongolero.

Kagwiridwe kawo ka ntchito nkotopetsa kuonerera. Amayala chiguduli pansi. Chitsulo choyamba kuchoka amachiika kumutu, chomaliza kumiyendo, ndipo pobwezera amayambira kumiyendoko. Paipi ikachoka, pabowo pamene yasiya amatsekapo kansanza kuti musalowe mchenga kapena buluzi, nasiya mchira wautali ukulendewera panja kuti asakaiwale. Ndakhala ndikuwaseka zaka zonsezi kuti galimoto amaiveka matewera. Sanaiwalepo kansanza nkamodzi komwe.

Tsoka lake nlakuti pakhomo pawo palibe mpanda. Boneti ikangoyasama, amuna a mumsewu amaunjikana ngati ntchentche pa chilonda: telala, wometa, a landilodi, ndi mkulu wina amene timamutcha Injiniya chifukwa ankatsuka mabasi kalekale. Aliyense ndi katswiri. Wina akuti vuto ndi batire, wina akuti thirani dzira mu radiyeta isiya kudontha. Alamu amangoti "eya, eya," manja akugwira zawo.

Sabata yatha pampu ya madzi inayamba kudontha. Anamasula lamba, fani, mapaipi, nazula radiyeta yonse nkuitsamiritsa kukhoma. Pampu yatsopano inalowa bwino, radiyeta nayo inabwerera pamalo pake. Apo mpamene achemwali anaitana kuti mpopi wa kubafa wakana kutseka, madzi afika pakhonde. Alamu anapukuta manja nathamangira m'nyumba, kusiya gulu lija litazungulira injini.

Pobwerako anapeza paipi ya pansi yalowa kale, kilipi yachitsulo yoigwira ili yomangidwa. Anayang'ana pachiguduli, malo a paipiyo ali mbee. Mchira wa kansanza osaoneka.

"Kodi iyi ndaika ndine?" anafunsa.

"Nanga wina ndani angakhudze galimoto yanu, a Mangitsa?" anatero telala, onse nkuseka. "Ukalamba uwu, madala."

Alamu nawonso anaseka. Anabwezera zotsala, nathira madzi, injini nkulira bwinobwino.

Mawa lake ananyamula mabedi ndi makabati a banja lina losamuka. Ali pakati pa chitunda, geji ya kutentha kwa injini inathamangira kofiira. Kumanzere ngalande, kumbuyo lole ikuliza hutala, poima palibe. Pamene amafika pamwamba nkuti nthunzi ikutuluka m'boneti ngati ketulo, gasiketi ya m'mutu wa injini itapsa. Galimoto inabwera kunyumba pa chingwe. Atamasula paipi ya pansi ija, kansanza kanatuluka kakuda bii, katapanikizidwa m'kati ngati chotsekera botolo. Madzi analibe podutsa.

Achemwali sanachedwe kuimbira mwana wawo wamkulu, wogwira ntchito ku ofesi. Iyeyo, osabwera nkomwe kudzaona, anagamula pa foni kuti adadi ayamba kuiwala, lero ndi injini, mawa adzapha anthu. Wapeza kale munthu wogula zitsulo zakutha, akuti adzabwera Loweruka kudzakoka galimoto, ndi bokosi la masipanala lomwe.

"Achemwali, tabwerani muone," ndinatero tsiku lolimbirana makiyi lija, nditanyamula kilipi ija. "Amuna anuwa ndi amanzere. Kilipi iliyonse mu injini umu mutu wake umayang'ana uku. Iyi inayang'ana uko, alamu anena okha. Taonaninso mmene aitafunira ndi pulayala. A Mangitsa angamange kilipi ndi pulayala? Angalole kufa."

"Iwe ndi mlamu wakoyo ndinu mphika ndi chivundikiro," anayankha. "Pita ukalalatire kumsewu kwako, kuno sikumsika."

Zimenezo sizinandipweteke, ine ndi achemwali tinayamba kulalatirana ndisanamere mano. Chinandilasa ndi chimene ananena alamu ataona kuti achemwali alowa m'nyumba.

"Zisiye, mlamu. Mwina mutuwu wayambadi. Ndikayesa kukumbukira, ndimadziona ngati ndikuilowetsa ndine."

Mwamva? Munthu woti makiyi ake sanawafunefunepo, lero akudzikayikira chifukwa cha nthabwala ya telala. Dzulo ndinawapeza atatseka chitseko, nkubwerera kukachigwedeza, nkubwereranso.

Ndinayenda khomo ndi khomo. Telala akuti maso ake anali pa foni. Wometa akuti anapita kukataya madzi kuseri. A landilodi akuti iwo sagwira zamafuta, malaya awo anali oyera. Injiniya ndiye anandiyankha asanafunsidwe, ati "ine paipi sindinaione nkomwe," chonsecho ndinali ndisanatchule za paipi. Koma sindinamuone, ndipo sindinamizira munthu. Chimene ndikudziwa nchakuti amuna onsewo anaima pamenepo, maso ali nawo, ndipo mmodzi anafuna kuonetsa kuti naye amatha. Anakankha paipi, kansanza ndi mchira wake womwe nkulowa m'kati, enawo akuvomereza ndi mitu.

Kufuna kuthandiza si mlandu. Paipi iliyonse munthu angailakwitse. Koma kumusiya mkulu wa msinkhu uwu akhulupirire kuti nzeru zamuthawa, inu mukumwa tiyi pakhonde, umenewo ndi ufiti wa masana. Gasiketi alamu aikonza okha, musade nkhawa. Chimene sangakonze ndi mutu umene mwauika chikayiko.

Ndiye ndikunena pano, ndipo ndizinenabe pakhomo la aliyense wa inu mpaka makasitomala anu atope nane: amene anamanga kilipi ija abwere Loweruka lisanafike, aime pamaso pa achemwali anga ndi pamaso pa a Mangitsa, anene ndi pakamwa pake kuti ndine.