Tsiku lomwe tinayanika disiketi

Ndikukumbukira Lachisanu lina mu Julaye, ndili Sitandade 6, pamene makadi a ukwati wa achemwali anga anatuluka m'chilankhulo chosadziwika padziko. Bambo anawalembetsa pa kompyuta ya mnzawo ku ofesi n'kuwasunga pa disiketi. Titakatsegula ku kafe ya intaneti ya ku Chirunga kuti tisindikize, pa dzina la mkwati panali timabokosi ndi tizilembo tovala zipewa. Makadiwo ankayenera kugawidwa Lamulungu ku tchalitchi, ndipo akuchimuna anali atayamba kale kunong'ona kuti banja lathu ndi lochedwa pa chilichonse.

Bambo anayang'anitsitsa, nati, "Yanyowa iyi. Ndi chiperonichi." Sabata yonseyo chifunga chinali chitatsika m'phiri mpaka kwathu ku Sadzi, moti nkhuku zathu zinkalowa m'khola masana. Ndikulumbira. Tsono machesi akanyowa timayanika, disiketi ingakanike bwanji?

Loweruka dzuwa litasuzumira, bambo anayanika disiketi ija pamphasa pambali pa ufa wa amayi, ine n'kupatsidwa kamtengo koingitsira nkhuku. Anzanga ankamenya mpira wachikulunga kuseri, ine ndikulondera kapulasitiki maola anayi, milomo itang'ambika ndi mphepo. Bambo ankabwera kudzaitembenuza ngati chimanga chootcha.

Masana tinatsetserekanso wapansi ku Chirunga, disiketi itakulungidwa m'kansalu. Timabokosi tomwe tija! Ine ndinaona ngati zathu zada.

"Sinaume m'katimu," anatero bambo.

Mtsikana wina wa pakoleji, amene ankadikira kompyuta yomweyo, anatopa nafe. "Pepani bambo, tandilolani ndione." Anatseka n'kutsegulanso, kompyuta n'kufunsa njira yowerengera zilembo, iye n'kusankha ina. Dzina la alamu anga linabwera lonse lathunthu.

"Makompyuta awiriwa amawerenga zilembo mosiyana, basi," anatero.

Bambo anagwedeza mutu mwaulemu, kenaka n'kunditembenukira. "Waona iwe? Yauma tsopano."

Makadi anagawidwa Lamulungu lomwelo. Mtsikana uja sanaitanidwe n'komwe ku ukwati, koma pa phwando bambo anafotokozera anthu luso lawo katatu.

Lero makadi a ukwati timangotumizirana pa foni, ndipo ana anga sadziwa kuti disiketi n'chiyani. Zilembo zikasokonekera kuntchito ndimakonza ndekha, tiyi asanazizire. Koma mukapita ku Sadzi n'kupeza foni ya bambo ili padzuwa pakhonde, musaichotse. Imakhala kuti yavuta netiweki.