Foni Imene Yassine Sanabwere Kudzatenga

Timoteo anabadwira kumtunda, ku Maniamba, kumene mwamuna amayesedwa ndi kukula kwa nkhokwe yake, koma khasu linamukana akadali wamng'ono. Bambo ake ankati manja akewo ndi a mlembi, ndipo sankanena moyamikira. Anapita ku Lichinga n'kukakhala zaka zingapo kwa munthu wina wokonza mawailesi ndi mafoni, mpaka zala zake zinaphunzira kutsegula foni osaithyola. Atatopa ndi chisanu cha kumeneko anakwera chapa, kaminibasi ka kumeneko, kutsikira ku Metangula, n'kukhoma kabaraka kamalata kuseri kwa msika, pakati pa telala ndi mayi Amna ogulitsa mchere. Anakwatira kamodzi, mkaziyo n'kubwerera kwawo atatopa kugona m'nyumba yonunkha waya wopsa. Kuyambira pamenepo Timoteo ankadya pabaraka pomwepo, chala chimodzi m'mbale, china pafoni ya munthu.

Ntchito imene inamupatsa dzina inali ruti. Mafoni otchipa amene asodzi amagula amabwera atadzaza kale timapulogalamu tachabechabe, todya mamega ngati anankafumbwe m'chimanga, ndipo mwini foni sangatichotse ngakhale atalumbira chotani. Timoteo ankawafotokozera mosazungulira. "Foni mwagula nokha, koma mukukhalamo ngati wa lendi. Chipinda cham'kati anakiya ndi amene anaipanga. Ruti ndiye kiyi wa chipindacho." Akamaliza ntchito ankatsegula kapulogalamu koyesera pamaso pa mwini wake, ndipo mawu obiriwira akatuluka ankabweza foniyo monyada ngati mzamba wopereka khanda.

Panali mayeso achiwiri amene ankadziwa kuti ndi ofunika. Umalumikiza foni ku laputopu, n'kulemba zilembo ziwiri, su, ndipo foniyo imafunsa pagalasi pake ngati ikuloleze kulowa. Mwini wake akadina kuti inde, laputopuyo imakhala yololedwa mpaka kalekale. Koma msodzi sakhala pansi. Akaona zobiriwira amatambasula dzanja, ndipo Timoteo, amene sankakonda kuchonderera munthu pa zomupindulira yekha, ankangomusiya apite.

Chakudya chake cha tsiku ndi tsiku chinali kutchaja. Madzi ndi foni sizimwerana, choncho asodzi a usipa asanalowe m'nyanja amasiya mafoni awo pabaraka masana, n'kudzatenga m'mawa atadzaza. Timoteo anali ndi thabwa lalitali lodzaza zingwe, ndipo ankadziwa foni iliyonse ndi ming'alu yake, monga mbusa adziwira mbuzi.

Yassine wa ku Chiwanga anali mmodzi wa iwo. Anali siginala, uja amakhala yekha m'bwato laling'ono ndi nyali kukopa usipa kuti anzake auzinge ndi khoka. Anali munthu wa nthabwala zoluma, ankamutcha Timoteo dokotala wa nthenda zosapha, ndipo pa chikondwerero cha maulidi ndiye ankatsogolera kasida, nyimbo zotamanda Mtumiki. Mawu ake anali okhuthala, okanda pang'ono, ndipo ankakonda kudzijambula akamayeserera. Foni yake anaichita ruti ndi Timoteo yemweyo chaka chapitacho, kuti nyimbozo zipeze malo.

Mwezi wa mwera, Yassine anasiya foni monga mwa masiku onse. M'mawa mwake anthu anabwera kudzatenga zawo ali ndwii, osapereka ndi moni yemwe, ndipo pathabwa panatsala foni imodzi. Usikuwo mphepo inagudubuza bwato la Yassine anzake akuona, ndipo pamene ankafika pamalopo anapeza nyali yokha ikuyandama. Anafunafuna mpaka ku Cobue, thupi osapezeka. Mashehe anamva umboni wa amene anaona, n'kuswalitsa swala, pemphero la maliro, popanda mtembo. Panalibe manda oti munthu n'kukaimapo.

Foniyo inakhala pathabwa ili yoyaka. Inali ndi kapulogalamu kokumbutsa nthawi ya swala, ndipo nthawiyo ikakwana inkaitana yokha azana, mfuu yoitanira anthu kokapemphera, pakati pa phokoso la msika. Telala ankasiya kupalasa makina. Timoteo anali Mkhristu wa pa Khirisimasi pokha, koma analibe mtima woizimitsa.

Tsiku lina mayi Amna anamukodola. Iwo anali azakhali a Shufaa, mkazi wa Yassine, ndipo anati mwana wawoyo akufuna kulankhula naye. Shufaa anali pa eda, miyezi imene mkazi wamasiye wachisilamu amakhala m'nyumba osatuluka, osaonana ndi amuna achilendo. Choncho Timoteo anapalasa njinga mpaka ku Chiwanga, n'kukhala pampando kuseri kwa nyumba, mayi Amna ali pambali, ndipo pakhomo panali patapachikidwa chitenje. Ankangoona mapazi.

"Ameshitiri, foni ya bambo ake Hadia ili kwa inu," anatero mawu a kuseri kwa nsaluyo, kumutchula monga atchulira mmisiri kumeneko.

"Ilipo, mayi. Sindinaigwire."

"Muli kasida zawo m'menemo. Ine foniyo sindikuifuna, ikafika arobaini, mwambo wa tsiku la makumi anayi, katundu agawidwa ndipo itengedwa ndi alamu anga, Che Akbar. Ndikufuna mawu okha. Mwanayu wayamba kundifunsa kuti ababa ankalankhula bwanji, ndipo ine ndikayesa kukumbukira ndikungomva mphepo."

Timoteo anafunsa senya, kamzere kaja munthu amajambula ndi chala pamadontho kuti foni itseguke. Shufaa anati saidziwa, sanagwirepo foni ya mwamuna wake. Kenako anatsitsa mawu.

"Koma alamu asamve. Anandiletsa. Akuti kumvera mawu a munthu wopita n'kudzikanda pabala. Mukawauza, adzabwera kudzaitenga lero lomwe."

Timoteo analonjeza. Anali mlendo pamudzipo, wobwera ndiponso wachipembedzo china, ndipo sankafuna dzina lake limveke pa nkhani ya mkazi wa pa eda. Pobwerera anadzilimbitsa mtima kuti ntchitoyo ndi yopepuka, poti foniyo anaichita ruti ndi manja ake.

Anayamba bwino. Laputopu yake yokalamba inaizindikira foniyo chingwe chitangolowa. Anasuzumira m'malo amene aliyense angafike ndipo anapeza zithunzi za makoka, za usipa pathandala, za kamtsikana kovala mpango waukulu kuposa mutu wake. Anazikopera zonse. Koma kasida munalibe. Kapulogalamu kojambulira mawu kankasunga zinthu zake m'chipinda cham'kati chija, ndipo kumeneko n'kofuna ruti.

Analemba zilembo ziwiri zija n'kudikira. Laputopu inakhala chete kanthawi, kenako inayankha kuti chilolezo chakanidwa.

Poyamba anaganiza kuti ruti inafufutika, monga zimachitikira foni ikadzikonza yokha pa intaneti. Anafufuza, n'kupeza kuti ilimo, yamoyo, ikuyankha dzina lake ndi msinkhu wake. Anasintha chingwe, anasintha polowetsa, anazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Yankho linali lomwelo. Ndiye anazindikira chimene chinkachitika. Nthawi iliyonse akalemba su, foniyo inkafunsa funso lake lija, ndimulole kapena ayi, koma inkafunsira kuseri kwa loko, kumene chala sichingafike. Ikadikira pang'ono osayankhidwa, inkakana yokha. Inkadikira chala cha Yassine. Tsiku limene anaichita ruti, Yassine anaona zobiriwira, n'kuseka, n'kuthamangira kunyanja, ndipo mayeso achiwiri aja sanachitike.

Anayesa kulota senya. Anajambula chilembo choyamba cha dzina la mwini wake, cha mkazi, cha mwana. Foniyo inayamba kumudikiritsa nthawi yotalikirapo pakulakwitsa kulikonse, ndipo anasiya poopa kuti ingadzitseke kotheratu. Anafunsa pagulu la anzake okonza mafoni a ku Lichinga, osatchula dzina la munthu. Wina anati chilichonse achite koma asaizimitse. Wina anamuseka kuti wakalamba, waiwala njira ya makolo.

Kwa masabata angapo anaisamala foniyo ngati wodwala. Magetsi akathima, ndipo ku Metangula amathima osatsanzika, ankaisamutsira pa batire ya njinga yamoto. Makasitomala anayamba kudandaula kuti ntchito zawo zikuchedwa. Mayi Amna sankafunsa kanthu, ankangomuyang'ana m'mawa uliwonse akamayala mchere wawo, ndipo kuyang'anako kunkamulemera kuposa mawu.

Njira ya makoloyo ankaidziwa bwino. Umazimitsa foni, n'kuiyatsira kukhomo lakumbuyo limene akonzi amalowera foni isanadzuke, n'kufufuta kafayilo kamene kamasunga senya. Ikadzuka imakhala itaiwala kuti inali ndi loko. Timoteo anachitapo zimenezi kosawerengeka, kwa agogo oiwala ndi kwa ana oseweretsa mafoni a makolo awo, ndipo sizinamugwiritsepo mwala. Anamvapo kuti mafoni atsopano ndi ena, kuti zonse zam'kati amazisunga zosokonezedwa ndipo senyayo ndi imene imazimasulira. Koma ankati zimenezo ndi za mafoni a mabwana. Kafoni ka msodzi, kong'ambika galasi, nzeru zoterozo kakazitenge kuti?

Kufunsa Che Akbar sikunamubwerere n'komwe m'mutu. Mawu anali atapereka kale, komanso ankaganiza kuti chimene mkazi wa m'nyumba sadziwa, mchimwene angachidziwe bwanji. Iye mwini senya yake sanauzepo munthu chibadwire.

Arobaini itatsala tsiku limodzi, masana dzuwa likuswa mtengo, anatseka chitseko cha baraka n'kuzimitsa foniyo. Khomo lakumbuyo linatseguka mosavuta. Kafayilo kaja kanali pamalo pake, ndipo anakafufuta monga mwa nthawi zonse, osasunga kope, chifukwa sanafunepo kope. Foni inadzuka osafunsa senya, ndipo Timoteo anaseka yekha mokweza, telala mpaka kugogoda pamalata.

Chisekocho sichinakhalitse. Pagalasi panatuluka mawu akuti foni ikukonzekera, ndipo inangokonzekerabe. Anadikira ndithu. Anabwerera kukhomo lakumbuyo kuja, kumene tsopano panalibe womuletsa, n'kulowa mpaka m'chipinda cham'kati. Zonse zinalimo. Ankaona mafayilo ambirimbiri, ena aakulu ndithu ngati a nyimbo yaitali, koma maina awo anali zilembo zosakanikirana zopanda mutu, ndipo m'kati mwake munali chimodzimodzi. Chimene chikanawamasulira ndi chija anali atangofufuta. Madzi akatayika saoleka. Anakhala pamenepo mpaka nthawi ya swala ya masana inadutsa, ndipo pathabwa sipanamveke azana.

Anachita mantha, ndipo anachita manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene anakula. M'mawa mwake anaika foni m'thumba la malaya, pamodzi ndi kamemori kokhala ndi zithunzi zija, n'kupalasa kupita ku Chiwanga. Ankafuna azungulire kuseri kuti ayambe waonana ndi Shufaa, koma pabwalo panali patadzaza kale amuna ovala mikanjo, miphika ya mpunga ili pamoto, ndipo Che Akbar anamuona asanatsike njinga. Anali bambo wamtali wa ndevu zaimvi, mwini wa khoka limene Yassine ankagwirako ntchito.

"Meshitiri, mwachita bwino kubwera nayo nokha," anatero, akutambasula dzanja. "Mwatisungira nthawi yaitali. Mulungu akubwezereni."

Timoteo anapereka. Che Akbar anadina pambali, galasi linayaka, ndipo chala chawo chachikulu chinayenda chokha pagalasipo, kutsika, kupita kumanja, kukweranso. Panalibe madontho oti chidutsepo. Anayang'anitsitsa, n'kubwerezanso.

"Senya mwaichotsa?"

"Mumaidziwa?" anafunsa Timoteo.

"Tonse a m'bwato mwathu timaidziwa. Tikakocheza, foni imene ili ndi mayunitsi ndi imene timaimbira ogula a ku Lichinga kufunsa mtengo wa usipa. Munthu manja ali ndi mamba, umamuuza mnzako kuti tsegula uimbe. Imeneyi ndaiimbira ine kuposa mwini wake." Anaitembenuza foniyo m'manja mofatsa. "Muli kasida zake umu. Alamu ndinawaletsa kumvera panopa, mtima ukadali mwazi. Koma ikatha eda ndibwera nayo kwa inu mudzawaikire pa memori, zikhale zawo ndi mwana. Ine ndilibe nazo mphamvu zomvera."

Timoteo anatsegula pakamwa, koma shehe anali atayamba pemphero la dua, ndipo Che Akbar anaika foni m'thumba la mkanjo n'kupita kukakhala pamphasa. Iye anatsala ataima ndi njinga yake pakati pa bwalo, manja onse pachiwongolero.

Mayi Amna anamupeza pomwepo. Anamukoka mkono wa malaya n'kumutsogolera kuseri kwa nyumba, kudutsa amayi otsuka mbale, mpaka pampando uja. Chitenje chinali pomwe chija, ndipo pansi pake panaoneka mapazi. Timoteo anakhala, n'kutulutsa kamemori ka zithunzi, n'kukagwira ndi zala ziwiri. Njira yonse anali atakonza mawu ouzira Shufaa kuti kasida zija zatayika.

"Ameshitiri afika," anatero mayi Amna.

Kuseri kwa nsaluyo kunamveka munthu akupuma mozama, kenako akutembenukira m'nyumba.

"Hadia," anaitana Shufaa motsitsa, kuti amuna a pabwalo asamve. "Siya zimenezo, bwera kuno. Bwera udzamve ababa ako."